Alamu Anga a Kapumidwe ndi Galimoto ya Makeke

Alamu anga anthu amawatchula kuti a Kapumidwe, ndipo iwo amayankha mokondwa, poganiza kuti ndi dzina laulemu ngati la dokotala. Dzinali linachokera pakamwa pawo pomwe. Galimoto iliyonse yodutsa pamsewu, kaya ndi lole ya mchenga kaya ndi ambulansi, iwo amapendeketsa mutu, kutsinzina diso limodzi, n'kunena kuti vuto lake ndi kapumidwe. Chonsecho galimotoyo ikuyenda bwinobwino, mwiniwake sanadandaulire munthu.

Anabadwa mwamuna yekhayekha pakati pa alongo ambiri, ndipo nyumba yonse inkawaombera m'manja ngakhale akayetsemula. Mayi awo mpaka lero amasimba monyadira kuti mwana wawo ali wamng'ono anamasula wailesi ya bambo ake yonse, n'kuyala tizidutswa take patebulo. Tsiku lina ine ndinafunsa ngati wailesiyo inadzalankhulanso. Mayiwo anandiyang'ana ngati ndawatukwana, n'kuti mawailesi akale anali osalimba. Pambuyo pa wailesi panatsatira wotchi, simbi yositira, kenako makina osokera a mlongo wawo wamkulu. Zonsezi zinathera m'katoni pansi pa bedi. Sukulu ya zaumakanika anaiyamba koma anailekera panjira, ati aphunzitsi ankawachitira nsanje. Anapeza ntchito m'sitolo yogulitsa zitsulo za galimoto, kumene ankangokhala kuseri kwa kauntala n'kumawerenga zolembedwa pamabokosi. Kumeneko n'kumene anaphunzira mayina a zinthu. Kwa iwo, kudziwa dzina la chinthu n'kudziwa chinthucho.

Achemwali anga amaphika makeke a maukwati ndi maphwando. Chipinda chakumbuyo kwa nyumba yawo muli mauvuni awiri, tebulo lalitali lachitsulo ndi fungo la batala lomwe silichoka ngakhale mutakolopa bwanji. Ine ndimakhala nawo pakhomopo, ntchito yanga ndi kupaka kirimu, kuumba maluwa a shuga ndi kulemba mayina a akwati. Achemwali anakwatiwa ndi a Kapumidwe chifukwa anali mnyamata wooneka bwino, wolankhula mokoma, wa zikhadabo zoyera mbee. Zikhadabozo zikanawachenjeza, pakuti munthuyo ankadzitcha katswiri wa mainjini.

Galimoto anagula ndi achemwali, ndi thukuta la pauvuni. Inali yoyera, yaitali kumbuyo, mipando yake yopindika kuti keke izikhala bwino. Inali yofatsa, yosasokosa, yonyamuka pang'onopang'ono ngati munthu wonyamula madzi pamutu. Pa ntchito yathu galimoto yabwino ndi yotero. Alamu ankachita nayo manyazi. Akaiyendetsa ankamira mumpando kuti anzawo a pamalo ometera tsitsi asawaone.

Lamlungu lina masana ndinawapeza atatsegula boneti, atavala ovolosi yatsopano yomwe mizere ya m'sitolo inali isanafafanizike. Anandiitana kuti ndidzaphunzire. Anandifotokozera kuti injini imawotcha petulo pamodzi ndi mpweya, ndipo mpweya ukamalowa wambiri komanso wozizira, mphamvu zimachuluka. Analoza chibokosi chakuda chapulasitiki chomwe munali sefa yapepala yotchinga fumbi, n'kunena kuti opanga galimoto anaitsamwitsa dala, ngati munthu amene wauzidwa kuthamanga atatseka mphuno ndi sokosi. Mwina kwa anthu a mpikisano wa liwiro mawuwo ali ndi mutu. Ndinawakumbutsa kuti ife timanyamula makeke, ndipo keke ndi liwiro sizigwirizana.

"Alamu, inu zanu ndi za shuga," anatero. "Za amuna zisiyeni."

Chibokosicho anachizula n'kuchiponya kuseri kwa nyumba, kumene mphaka wa aneba anadzaberekeramo. M'malo mwake anaikamo paipi yonyezimira ngati mpoto watsopano, kumapeto kwake sefa yofiira yooneka ngati chipewa cha chidole. Atalizitsa injini n'kuponda moto, galimoto yathu yaulemu ija inabangula ngati ikusanza. Agalu anauwa mzere wonse. Alamu anazungulira nayo kangapo pamalo ometera paja, chigongono chili pawindo, ndipo atabwera anali akusisita khosi, ati mphamvu zinkawakankhira mutu kumbuyo. Ine ndinaikwera mawa lake. Pachitunda cha kumsika inatidutsa njinga yamoto yonyamula matiresi.

Sefa yofiirayo inakhala pafupi ndi injini yotentha, ndiye mpweya umene inkakoka unali wofunda ngati wa m'chipinda chathu chophikira. Dzuwa likakwera, pamzere wa magalimoto, galimoto yathu inkachita ulesi kuposa kale. Phokoso lokha ndilo linawonjezeka. Achemwali akafika pakhomo la kasitomala, anthu ankatuluka kudzaona ngati kwabwera achifwamba.

Kenako inafika nkhani ya oilo. Sefa za mtunduwu zimachapidwa n'kupakidwa oilo pang'ono chabe kuti fumbi lizimatirira. Alamu mawu oti pang'ono sawadziwa. Anaimiza m'beseni langa losakanizira kirimu, n'kuibwezera ikudontha. Oiloyo anakamata kachipangizo kamene kamayeza mpweya wolowa mu injini, ndipo galimoto inayamba kudzuma ndi kudumpha ngati ili ndi njirinjiri. Kutsogolo kwa chiwongolero kunayaka kanyali kachikasu kochenjeza. Iwo anakamata ndi tepi wakuda, n'kulengeza kuti vuto latha. Sabata imeneyo keke ya tsiku lobadwa la mwana wa kasitomala wathu wakale inatsetsereka n'kukapsompsona chitseko chakumbuyo. Kuyambira pamenepo ine ndinkakhala kumbuyo, miyendo itatambasuka, nditakumbatira bolodi la keke ngati mwana wodwala.

Achemwali anapempha mofatsa kuti chibokosi chija chibwerere. Alamu anayankha kuti munthu sabwerera m'mbuyo pa chitukuko, ndipo anapita nayo galimoto kwa makanika wa pakona, bambo wamimba yaikulu amene amaseka asanamve nthabwala. Ameneyu ndi wochenjera ngati khoswe wa m'sitolo. Anapukuta kachipangizo kaja, n'kuuza alamu kuti anthu omvetsa injini ngati iwo ndi osowa m'dziko muno. Ankadziwa kuti nzeru iliyonse ya a Kapumidwe imabereka ntchito pagalaja pake. Awiriwa anagwirizana kuti cholakwika ndi mpweya wotentha basi, choncho anawonjezera paipi, n'kuikhotetsa kutsikira pansi, mpaka sefa ija inakakhala kuseri kwa bampala, pafupi ndi tayala, kutalika kwake kuchokera pansi ngati pakatumba ka mwendo. Kumeneko, anatero, mpweya ndi wozizira ngati wa m'firiji.

Zoona, galimoto inasiya kudumpha, ndipo m'mawa kukazizira inkaoneka ngati yapepukako. Alamu sanatipatse mpata wopuma. Patebulo, kubafa, ngakhale pamaliro a neba, nkhani inali yomweyo.

Loweruka la tsokalo tinali ndi keke ya ukwati ya nsanjika zitatu, yoyera, maluwa ake ndinaumba sabata yonse mpaka zala kuuma. Achemwali anali atapsa dzanja ndi chitseko cha uvuni, atalikulunga bandeji, ndiye sakanatha kugwira chiwongolero. Alamu anadzipereka. Mvula inali itagwa m'mawa wonse ndipo inali ikuwazabe. Njira yachidule yopita kuholo ya ukwati imadutsa pansi pa mlatho wa njanji, pamene pamadikha madzi mvula ikagwa. Titafika tinapeza chithaphwi chofiirira, mapepala ndi mabotolo zikuyandama. Magalimoto ena ang'onoang'ono ankaoloka mwakachetechete, pang'onopang'ono, madzi akufika pakati pa matayala. Achemwali anati tibwerere tidzere msewu wakumtunda, nthawi inalipo yokwanira.

"Mayi, galimoto iyi si ija munkaidziwa," anatero alamu. "Pano ikupuma. Tangomverani."

Anaponda moto. Tinalowa m'madzi ndi mkokomo wonse uja, anthu obisala mvula pansi pa mlatho n'kutembenuka. Ndiye panamveka kumeza, ngati sinki ikamaliza kutsitsa madzi, kenako kugunda kumodzi kwachitsulo komwe ndinakumva m'mano. Zii. Tinaima pakati penipeni. Keke inagwedezeka n'kutsamira pachifuwa panga.

Munthu wanzeru akanasiya pomwepo. Bambo wina wogulitsa maambulera anakuwa kuti asayese kuliza. Alamu anapotokola kiyi, n'kupotokolanso, n'kupotokolanso, injini ikulira ngati munthu akumenya mpoto ndi mwala, mpaka inakaniratu kutembenuka. Madzi anayamba kulowa pansi pa zitseko. Iwo anati ndi batire.

Achemwali anavula nsapato, n'kuzimangirira m'khosi ndi zingwe za chikwama, n'kutsika. Tinafunditsa keke pepala lapulasitiki, iwo kugwira bolodi ndi dzanja limodzi ndi chigongono, ine mbali inayo, n'kuyamba kuyenda m'madzi ozizira osaona pomwe tikuponda. Ndinalira, osati chifukwa cha chisoni koma ukali, ndipo misozi ndinalibe dzanja loipukutira. Kutsidya mayi wina woyendetsa kalole ka mabokosi a zipatso anaima osapemphedwa. Anayang'ana keke, n'kuyang'ana galimoto ili m'madziyo, pomwe alamu anali atakwera padenga foni ili kukhutu.

"Ndi amuna anu?" anafunsa.

"Ndi anga," anatero achemwali.

"Pepani. Kwerani."

Tinafika kuholo zovala zikudontha. Mbali imodzi ya keke inali itaphwanyika, mbali ina ya kirimu ili pabulauzi yanga. Tinaitembenuzira kukhoma, ndinabudula maluwa enieni pa tebulo la akwati n'kutseka pachilondapo. Mayi a mkwatibwi anaona, anakweza nsidze, ndipo sanatiitanenso pa ukwati wa mwana wawo wachiwiri.

Galimoto anaikoka ndi chingwe madzulo. Makanika wa pakona atatsegula injini anapeza madzi amatope m'kati, ndi chitsulo china chokankha pisitoni chitapindika ngati nthochi. Injini imapanikiza mpweya, madzi sapanikizika, ndiye chinagonja ndi chitsulo. Anachionetsa kwa aliyense wodutsa, akuseka, ngati paipi ija sanailumikize ndi manja ake omwe.

Alamu zifukwa anali nazo zodzaza thumba. Poyamba anati petulo wa masiku ano amathira madzi. Kenako anati olakwa ndi osamalira ngalande za m'tauni. Kenako anati injiniyo inali yofooka chibadwire. Pomaliza anati achemwali anawasokoneza ndi zolankhula pa nthawi yofunika kuika maganizo pamodzi. Mayi awo anabwera pa basi kudzapepesa mwana wawo chifukwa cha mantha amene anaona padenga paja. Dzanja la mpongozi wawo, lomwe linatukusira chifukwa cha madzi auve aja, sanalifunse n'komwe.

Ine ndinkayembekeza kuti achemwali awalongedzera zovala. Ndinali nditawasankhira kale chikwama. Koma achemwali anati munthuyo anamutenga akumuona, ndipo ana amawakonda bambo awo. Pamenepo ndinawakwiyira iwonso, ndipo mkwiyowo sunatheretu. Chimene anachita n'chakuti anagula injini yogwirapo kale ntchito, n'kupita okha kumalo ophwasulira magalimoto akale kukafuna chibokosi chakuda ngati chija, pakuti chakalecho mphaka anali atachisandutsa chake. Atatero anaitana wowotcherera zitsulo kuti aike loko paboneti, loko wamkulu wa pageti. Kiyi wake amayenda naye m'khosi. Galimoto yathu tsopano imaoneka ngati kabati ya munthu wosakhulupirira antchito, koma imafika.

Mukuganiza kuti a Kapumidwe anachita manyazi? Anasiya ntchito kusitolo kuja, ati amawapondereza luso, n'kukamanga kashedi ka malata m'mbali mwa msewu waukulu. Pakhomo anapachika masefa ofiira, obiriwira ndi abuluu ngati zokongoletsa za paphwando. Ndipo makasitomala amabwera. Oyendetsa matakisi, anyamata ongoyamba kumene ntchito, ngakhale bambo wina wa imvi amene ndinkamuyesa wanzeru, onse amafuna galimoto zawo zizibangula. Tsiku lina ndikudutsa ndinawamva akusimba nkhani ya pamlatho ija, anthu atawazungulira.

"Inakoka mpweya mwamphamvu mpaka inakoka ndi madzi omwe," ankatero. "Sefa yapepala ingathe zimenezo?"

Amuna akuluakulu, a ndevu zawo, anagwedeza mitu kuvomereza. Mmodzi anapita kukatsegula boneti yake pomwepo.

Nyengo ya dzuwa alamu amayenda chifuwa chili patsogolo, makiyi a shedi akulira m'chiuno. Mitambo ikangoyamba kuda, msana umawagwira. Amatseka shedi, kuzimitsa foni, n'kugona pasofa atafunda bulangete mpaka m'makutu. Madalaivala amabwera kugeti atanyowa, ena atanyamula chitsulo chopindika m'manja, kufunsa ngati a Kapumidwe alipo. Achemwali amakhala ali pauvuni, ndiye wotuluka ndimakhala ine. Alamu anandipempha kuti ndizinena kuti apita kumudzi. Ndimanenadi choncho, mokweza kuti amve m'nyumbamo, kwinaku chala changa chikuloza windo la pabalaza.