Theka la Nyumba

Ndinakwatira ku Thuchila ndevu zisanadzaze chibwano. Nyumba ndinamanga ndekha pamudzi pa apongozi, monga achitira mkamwini, ndipo ndinkagwira ntchito kumunda wa tiyi wa mzungu. Mkazi wanga anali waluso. Akazira pansi, alendo ankaima pakhomo kuopa kupondapo.

Chaka chachinayi anayamba kudandaula mutu. Ankadzuka nawo, n'kusanza, n'kumanga kansalu pachipumi, n'kunyamula khasu. Sindinalabadire. Mutu umapweteka aliyense.

Tsiku lina ndinapeza atazira theka la nyumba. Kumanja kunali kosalala, kumanzere fumbi lokhalokha.

"Kwatsalaku azira ndani?" ndinafunsa.

"Kwatsala kuti? Ndamaliza ine."

Zinapitirira. Nandolo ankathyola mbali imodzi ya mzere. Ndikamuyankhula nditaima kumanzere kwake, ankandifunafuna kumanja. Ine ndinati ndi mwano. Ndinali nditaphunzira kulemba kumishoni ndipo ndinkadziyesa wodziwa zinthu. Ndinakamusumira kwa amalume ake, omwe anali nkhoswe yathu.

Anabwera m'mawa, tinakhala pakhonde. Mkazi wanga anatuluka ndi madzi osamba m'manja. Anagwadira ine, anagwadira amayi ake, amalumewo n'kuwapitirira, pakuti anakhala kumanzere.

"Mphwanga," anatero amalume, "ine ndasanduka chitsa lero?"

Anatembenuka thupi lonse, madzi n'kutayikira pansalu. "Amalume, mwafika nthawi yanji?"

Ndinamuyang'ana kumaso. Panalibe mwano. Anali ndi mantha. Mlandu unathera pomwepo, ndipo manyazi anali anga.

Tinamutema mphini m'litsipa, osathandiza. Kenako tinamunyamula pamachira mpaka kuchipatala cha mishoni, kutsinde kwa phiri. Dokotala anayendetsa chala uku ndi uku patsogolo pake, anamuyang'ana m'maso nthawi yaitali. Womasulira anatiuza kuti mkati mwa mutu mukukula chotupa chomwe chikupanikiza ubongo, ndipo palibe mankhwala kapena mpeni wochifikira. Tinabwerera naye momwemo.

Kuyambira apo zinthu zinkamuchokera chimodzichimodzi. Phewa lamanzere linkagunda mphuthu ya chitseko mpaka kutupa. Dzanja lamanzere linkagwetsa mtsuko. Linapsa pamoto iye osadziwa, tinamva fungo ndife. Munthu amene sankakweza mawu anayamba kutukwana amayi ake, kenako n'kulira, osakumbukira chimene wanena. Anzake anasiya kumuitana kumtondo. Ichi ndicho chinamupweteka kuposa mutu.

Amalume aja anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Akamwini, ndinu mnyamata. Mwana palibe. Bwererani kwanu mukapeze wina, ife sitidzakuimbani mlandu."

"Mwamva kuti ndatopa?"

"Maso anu akunena."

"Maso anga asiyeni. Ndinamusumira wosalakwa. Ndikachokanso ndiye kuti ndamulakwira kawiri."

Amalumewo sananame, ndinali nditatopa. Masiku ena poweruka ndinkakhala pamwala m'mbali mwa njira, osafuna kufika msanga. Madzi ndinkatunga ndine, azimayi kuchitsime n'kumagwira pakamwa. Anzanga akutiyi ankandifunsa kuti nsalu ndivala liti.

Ndinaphunzira zochepa zomwe zinkathandiza. Akadya chinangwa cha mbali imodzi n'kunena kuti chatha, ndinkatembenuza mbale, iye n'kudabwa kuti ndawonjezera. Mphasa ndinaisunthira kutali ndi moto. Poyenda, pokhala, pomuyankhula, ndinkakhala kumanja kwake. Kumeneko ndiye ndinali mwamuna wake. Kumanzere kunalibe munthu.

Nthawi ina anapempha dothi kuti azire. Ndinamubweretsera. Anazira theka lake pang'onopang'ono, ine n'kumalizitsa linalo ali kunja. Polowa anaima, n'kupendeketsa mutu.

"Uku wazira ndani? Akuzira ngati nkhuku yapalasa."

"Ndiwe wemwe."

"Bodza, bambo. Ine sindizira chonchi."

Anaseka. Sindikumbuka kuti anasekanso pambuyo pake.

Anakhala dzinja lina limodzi, osapenyanso n'komwe, ndipo anamwalira nandolo akuyamba maluwa. Ndinadikira mpaka kumeta, apongozi anandimasula, ndinabwerera kwathu ku Milonde.

Ndinakwatiranso patapita zaka. Mkazi wachiwiriyo anandifunsa kangapo chifukwa chimene ndimazungulira kukakhala kumanja kwake, ngakhale malo ali pafupi. Ndinamuuza kuti ndi mmene ndimakhalira.