Kuthamangira ku Lichinga ndi Mimba Yotupa ya a Bernardo

Tinanyamuka ku Nkholongue m'mawa pa njinga yamoto, amuna anga a Bernardo atakhala pakati pa ine ndi woyendetsa kuti angagwe. Sabata yapitayo anali atabwerako ku chipatala cha mumzinda umene mwana wathu amagwirako ntchito. Kumeneko anawachotsa ndulu osang'amba mimba, anangoboola timabowo. Asodzi anzawo ankabwera kudzaona, eni ake n'kumakweza malaya monyadira. Koma tsopano maso anali achikasu, mimba itatupa, thupi lili moto.

Ku Metangula namwino anangowakhudza pamimba n'kunena kuti, "Mama, musakhale pano. Lichinga lero lomwe."

Chapa, minibasi yopita ku Lichinga, tinaipeza ili ndi anthu ochepa. Injini inkalira, galimoto osasuntha. Ndinakwera, ndinatsika, ndinakweranso.

"Tinyamuka liti, achimwene?" ndinafunsa kobradori, wotolera ndalama.

"Pompano, mama."

Pompano wakeyo anafika mpaka dzuwa kuswa mtengo. Ndinalipira mipando iwiri yotsala, tinanyamuka.

Pokwera phiri, dzenje lililonse a Bernardo ankandifinya dzanja. Mayi wina wa dengu la usipa anafunsa chimene chikuwavuta. Nditamuuza anagwira pakamwa.

"Ndulu? Ife potumbula chambo ikangophulika, nsomba yonse imawawa!"

"Ndiye musandidye, mama," anatero a Bernardo. Anthu anaseka, koma kuseka kwa a Bernardo kunathera m'kubuula.

Pa Maniamba dalaivala anaima kuti akweze matumba a chimanga. Ndinagula chinangwa chootcha, koma sichinandilowe. A Bernardo anamwa madzi pang'ono n'kusanza pomwepo. Msilikali wina wa panyanja amene tinakwera naye anatsika, n'kulankhula Chipwitikizi chaukali kwa dalaivala. Sindinamve zonse, koma matumba aja anatsala pamsewu, mwini wake akutukwana.

Tinafika ku Lichinga madzulo, mphepo ikuluma. Dotolo wachitsikana anayendetsa kachipangizo pamimba pawo akuyang'ana pa kanema.

"Madzi a ndulu akudonthera m'mimba," anatero. "Zimachitika nthawi zina opaleshoni iyi ikatha. Papa, ululu unayamba liti?"

A Bernardo anayang'ana kukhoma. "Masiku angapo apitawo. Unayambira paphewa."

"Ine munandiuza dzulo!" ndinakuwa.

"Mudzi wonse unali utandiona ndili bwino. Ndikananena chiyani?"

Anawalowetsa kapaipi m'mbali, madzi obiriwira n'kuyamba kutsikira m'thumba. Dotolo anati kutentha kukatsika aona ngati kudontha kungaleke kokha kapena awatumize ku chipatala chachikulu. Anatinso tikanagonanso kwathu, nkhani ikanakhala ina.

Ndinakhala pabenchi panja. Zaka zonse za banja lathu, bambowa akati "ndili bwino" ine ndinkapitiriza ntchito zanga. Panopa akatero ndimasiya khasu, n'kukawagwira pamimba ndekha.