Msomali mu Ampu Yanga ya Bezi

Ampu yanga, bokosi lokuzira mawu a gitala, ili m'manja mwa anthu amene sindikuwadziwa, ndipo ampu imeneyo ikupha. Ndikulemba Lachinayi m'mawa. Loweruka ndi mkuja. Werengani msanga, mukatha mupatsire mnzanu.

Ndine Mbewe wa pa Kamwendo, uja ndimaimba gitala ya bezi m'maukwati. Oimba anzanga kuyambira ku Boma mpaka kumalire, a makwaya, eni majenereta, ndi inu makondakitala amene ndakupatsani pepalali kuti muyende nalo, nkhaniyi ndi yanu. Amene wachita zimenezi ali ku Boma, kakhomo ka chitseko chabuluu. Pakhoma analemba yekha ndi penti kuti Dokotala wa Mawailesi. Dokotala! Udokotalawo anauphunzira kuti?

Ampuyo ndi yakale. Ndinaigula kwa dalaivala wa thiraki wochokera ku Zambia chaka chimene fodya wanga anayenda bwino. Zaka zisanu ndi chimodzi sinandichititsepo manyazi. Mwezi watha inayamba kulira kuti huuu ngati muli njuchi m'kati, n'kumapsereza fuyuzi. Ndiike ina, yapsa. Ndiikenso ina, yapsa. Zitatu tsiku limodzi.

Lolemba 8 koloko m'mawa ndinali nditaima kale pa chitseko chabuluu chija. A Dokotala anafika 10:20 akutafuna nzimbe. Ampuyo sanaitsegule n'komwe. Anaigogoda pamwamba ndi chala, kuika khutu, n'kunena kuti matenda awaona kale, ndi K1,200, ndibwere Lachitatu. Nditafunsa kuti matendawo ndi ati, anati akamaululira aliyense, mawa Boma yonse idzadza ndi madokotala. Ndinaseka nawo. Ine chitsiru ndinaseka.

Lachitatu ndinapeza loko. Lachinayi anati magetsi anazima. Lachisanu 4 koloko madzulo ndi pamene anaitulutsa n'kuiyatsa. Ndinakhala pa mpando wamatabwa, nsapato kuphazi, n'kuyesa gitala. Eee, mawu ake! Njuchi zija zinali zitapita, bezi ikutuluka yoyera ngati yatsopano. Chinthu chimodzi ndinachiona koma sindinachiganizire: kutentha konse kuja kwa Okutobala, a Dokotala anali atavala majombo a mphira, ndipo ampuyo ankaikhudza ndi nsonga ya sikuludalaiva basi. Ponditsanzika anandiuza kuti fuyuzi yanga sidzapsanso moyo wanga wonse. Pamenepo pokha sananame.

Loweruka tinali ndi ukwati ku Chiosya. Anatinyamula ndi a Tembo, mkulu wathu pa bezi. Anaimba zaka zambiri m'mabala a ku migodi ku Zambia, pano nyamakazi inawapinda zala, amangotinyamulira zida pa kapikapu kawo kakale, kaja kamalira pokhapokha mutakakankha, chitseko chomanga ndi mphira wa chubu. Panjira tinkacheza zathu za masiku onse, za nsambo zabodza zadzadza m'mashopu, za sipika yawo ija inang'ambika akuimba pa malo ena ku Chipata. Ndiye ndinayamba kuwanyadira kuti ampu yanga yachira, sikuliranso, ndipo fuyuzi sidzapsanso.

A Tembo anati galimoto yawoyi imatsokomola, imatentha, imanunkha, imawauza ikadwala, n'chifukwa chake sinawaphebe. Anati fuyuzi ikamapsa ndiye kuti ampu ikulankhula, ikunena kuti m'kati muli vuto, ndipo iwo sakhulupirira munthu amene amaitseka pakamwa. Anafuna tiime pambali aitsegule. Ine ndinati tachedwa, akwati akutidikira. Ndikuvomera, ndinatero ndine.

Ku Chiosya chizimalupsa chinali chitagwa m'mawa. Bwalo linali lonyowa, dothi likununkhira. Tinaika jenereta kuseri kwa nyumba, kukoka zingwe, kuyatsa. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti sindiimba nditavala nsapato. Bezi ndimaimvera kumapazi, ndipo si ine ndekha, tilipo ambiri. Nthawi ili 2:15 masana, perekaniperekani atangoyamba, akuchikazi akulowa m'bwalo, ndinavula nsapato, kuponda dothi, n'kugwira khosi la gitala ndi dzanja lamanzere.

Sindinakuwe. Anthu amaganiza kuti munthu amakuwa. Nsagwada zinamangana, dzanja linafumbata nsambo lokha n'kukana kusiya. Thupi lonse linkagwedezeka, mutu ukupita kumbuyo, miyendo ikupondaponda. Maso ankaona bwinobwino. Ndinkaona anthu akuseka, akuomba m'manja, ena akululutira, akuti Mbewe wabwera ndi sitayilo yatsopano. Mayi wina, mwana kumsana, anatuluka m'gulu akuvina, K20 m'manja, akubwera kudzandifupa. Mukudziwa mmene amafupira amayi, amakumata ndalamayo pamphumi ndi chikhatho. Ndinkamuona akuyandikira, wopanda nsapato ngati ine, ndipo sindikanatha kumuuza kanthu.

A Tembo okha ndi amene anadziwa. Mdala wa nyamakazi uja anathamanga, kumukankha mayi uja mpaka kugwa chagada, n'kudula chingwe cha jenereta ndi phazi. Ndinagwa pomwepo. Abale a mayiyo anatsala pang'ono kuwamenya a Tembo, mpaka ataona utsi ukutuluka m'dzanja langa. Mpaka lero m'zala zanga muli mizere inayi, nsambo iliyonse ndi wake. Chala chapakati ndi chinzake sizikumva kanthu, ngakhale ndizibaye ndi singano. Kuchipatala anandimanga bandeji n'kundiuza kuti tidikire tione.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi a Tembo anaitsegula ampuyo pakhonde panga. Mukudziwa chimene tinapeza pamalo pa fuyuzi? Msomali. Msomali wa denga, wodulidwa pakati, wokulungidwa ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Ndiye pali waya wobiriwira uja amathawitsira moto pansi zinthu zikalakwika. Ameneyo anamudula ndi pulayala n'kumupindira pakona, chifukwa ukamudula kulira kuja kumatha. Vuto lenileni, thiransifoma yopsa imene ikutayira moto m'chitsulo cha ampu, sanaikhudze n'komwe. Moto wonsewo unkangodikira njira, ndipo njira yake inali nsambo, ine, ndi dothi lonyowa. K1,200 ya msomali theka!

A Tembo anati, "Mphwanga, ichi si chida ayi. Kachitaye m'chimbudzi chakale, uthire dothi pamwamba." Ndinakana. Ampu ndinali nayo imodzi yomweyo, ndipo ndinkafuna munthu uja aone ntchito ya manja ake. Kulakwa kwanga kwachiwiri kunali kumeneko.

Lolemba 9 koloko ndinaitula pa benchi yawo, n'kumasula bandeji kuti aone. A Dokotala anayang'ana dzanja langa ngati akuyang'ana tomato pa msika. Anandifunsa ngati ampuyo inalira huuu ku ukwatiko. Ndinati ayi. Anafunsa ngati fuyuzi inapsa. Ndinati ayi. Anati ndiye ntchito yawo ili bwino, chimene ndinabweretsera chinatha. Za msomali anati ndi mmene amachitira onse, mafuyuzi a masiku ano ndi ofooka. Anati vuto ndi jenereta ya ku Chiosya. Kenaka anati vuto ndi mvula. Pomaliza anati vuto ndi ine, munthu wamkulu ndevu pepeya kumaimba wopanda nsapato. Kodi pakhoma panu paja munalembapo kuti odwala azibwera ndi majombo?

Nditakweza mawu anthu n'kuyamba kusonkhana, anafewa. Anati ndiisiye, aitanitsa thiransifoma ku Lilongwe, ndibwere Lachitatu la sabata inayo. Ndinavomera, koma ndinachita zinthu ziwiri iwo akuona. Ndinadula chingwe cha magetsi cha ampuyo n'kuchiika m'thumba langa. Ndinalemba pa katoni ndi zilembo zazikulu kuti OSAYATSA, IKUPHA, n'kumangirira pa chogwirira. Ndinachoka mtima uli m'malo, ndikuti popanda chingwe palibe angaiyatse.

Dzulo Lachitatu 11 koloko ndinafika. Ampu palibe. Poyamba anati ili kumbuyo. Nditati tiyeni kumbuyoko, anati anaipititsa kunyumba kuopa akuba. Nditati tiyeni kunyumbako, anati akubwera, n'kutuluka kukagula nzimbe. Apa ndi pamene telala amene amasoka pakhonde loyandikana anandikodola. Anandiuza chapansipansi kuti ndisadzivute, ampuyo inapita Lachiwiri. Anati a Dokotala amabwereketsa katundu wa makasitomala sabata iliyonse, wailesi, masipika, chilichonse chimene chikudikira kukonzedwa, ndipo pamzere wonsewo palibe amene sadziwa. Kunabwera lole, amuna awiri, ananyamula ampu yakuda ndi masipika awiri a munthu wina, akuti ali ndi ukwati Loweruka.

A Dokotala atabwerako ndinawatsekera pakhomo. Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anati katundu akangokhala amachita dzimbiri, ndipo K500 ya hayala ithandiza kugulira thiransifoma yanga yomwe, ndiwathokoze. Ndinafunsa maina a anthuwo. Anati sanafunse, asiya njinga ngati chikole. Ndinafunsa kumene akuchokera. Anati cha kumalire, kapena tsidya linalo, sanamvetsetse. Ndinatulutsa chingwe chija m'thumba, kuwaonetsa, ndikuti aiyatsa bwanji. Anaseka. Anati chingwe si nkhani, analumikiza cha simbi yositira. Ndinafunsa ngati msomali anauchotsa. Anati sanapeze nthawi. Ndinafunsa za katoni yanga. Anandilozera pansi. Inali itapindidwa kanayi, ili kunsi kwa mwendo wa benchi kuti isamagwedere.

Ndinawauza kuti munthu akafa Loweruka, wapha ndi iwo. Analavula zotafuna za nzimbe, n'kupukuta pakamwa.

"Bambo Mbewe, musadandaule. Ikawagwira abwera okha kudzanena."

Mawu amenewo sakuchoka m'mutu mwanga. Abwera okha? Atanyamulidwa ndi ndani?

Kuchokera pamenepo ndinathamangira kwa a Tembo. Tinakankha kapikapu, ine ndi dzanja limodzi, n'kulunjika kumalire. Tinafunsa osintha ndalama, tinafunsa madalaivala a mathiraki, tinafunsa akabaza. Lole yotani? Sitikudziwa. Ukwati wa ndani? Sitikudziwa. Munthu wina anatiwerengera maukwati asanu a Loweruka likubwerali amene akuwadziwa iye yekha, osawerengera a tsidya lina. Tinafika pa midzi iwiri, konse anati oimba awo ali ndi zida zawo. Pobwerera galimoto inatentha, tinaima m'mbali mwa msewu kudikira kuti izizire. A Tembo anangondilozera kumadzulo, kumapiri. Mitambo inali itada bii, ndipo mphepo inkanunkha mvula.

Ndiye ndikufunsa, a Dokotala a chitseko chabuluu. Misomali ina munaiika m'zinthu za ndani? Ndi makwaya angati akuimbira Mulungu atagwira mawaya amene munadula? Majombo aja mumavalira chiyani ngati ntchito yanu ili bwino? Za zala zanga tidzakambirana, sindinaiwale. Lero ndikufuna chinthu chimodzi: tsekani kakhomo kanuko, mukwere njinga ya chikoleyo, mukasake eni ake mudzi ndi mudzi Loweruka lisanafike.

Inu nonse, ampuyo ndi iyi. Yakuda, kutalika kufika m'bondo. Chogwirira chake ndi lamba wa injini ya galimoto, anandimangira ndi a Tembo. Kona yakumanja inaphwanyika, ndinamata ndi chikopa. Pansalu ya kutsogolo pali bowo lopsa ndi ndudu. Chingwe chake pano ndi cha simbi, cha nsalu yamawangamawanga. Ikayatsidwa imamveka bwino kwambiri, mwakachetechete, yopanda huuu ngakhale pang'ono. Musanyengeke nazo. Mukaipeza musandibweretsere, sindikuifunanso. Itengereni nkhwangwa. Abusa ndi akulu a mipingo, ankhoswe, aliyense amene akudziwa ukwati wa mkuja kumene oimba abwereka zida ku Boma, tumizani munthu lero, osati mawa.

Mnzanga wa bezi, sindikukudziwa dzina, koma ndikudziwa zimene udzachite. Udzaiyesa utakhala pa mpando, udzasangalala, udzati lero ndapeza ampu. Bwalo likadzadzaza udzavula nsapato. Ndikukupempha, usaiyatse.

Ndipo inu amayi a m'maukwati, ngati pepalali silimupeza iyeyo koma lapeza inu, mverani. Mukadzaona wa bezi wayamba kugwedezeka, mutu kumbuyo, mano atalumana, dzanja litakanirira pa gitala, musalulutire. Musamufupe, musamukhudze, ngakhale akhale mwana wanu. Thamangirani ku jenereta mukazimitse. Sakuvina ameneyo.