Mkono Wanga pa Mzere wa Katemera

Beseni la amayi linali lobiriwira, long'ambika pamlomo, ndipo linkakhala kuseri kwa nyumba yathu ku Chongwe, pansi pa mtengo wa mapeyala. Chaka cha korona, m'nyengo yozizira ija sukulu zitatsekedwa, beseni limenelo ndi limene linkalandira amayi akaweruka kuntchito. Ine ayi. Ankalowa pageti n'kudutsa cham'mbali mwa mpanda, osayandikira khomo, kukavula yunifomu, kuinyika m'madzi a sopo, kenako kusamba mpaka khungu kutuwa. Ine ndinkasuzumira pawindo la kukhitchini, mphuno itatsamira galasi lozizira.

Amayi anali namwino. Katemera atafika anawachotsa kukiliniki n'kuwatumiza kutenti yaikulu imene inazikidwa pabwalo kuboma. Ine ndinali mu giredi seveni, wamtali ngati bango, koma chifuwa changa chinali cha mphumu. Kukangozizira pang'ono ndinkalira m'khosi ngati kamwana ka mphaka. Chifukwa cha chifuwa chimenecho amayi anaika lamulo. Anasamutsira mphasa yawo m'kachipinda kosungiramo chimanga, anapatula mbale ndi kapu yawo, ndipo anaitanitsa amalume kumudzi ku Nkomeshya kuti adzandiyang'anire. Anandiuza kuti ngakhale iwo anabayitsa kale, matendawo akhoza kuwatengabe kwa anthu n'kundipatsira. Ndinamva ndithu, makutu ndinali nawo. Koma mwana akauzidwa kuti usandiyandikire, chifukwa chake chimalowera khutu ili n'kutulukira linalo, chotsala ndi mawu akuti usandiyandikire basi.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinali tsitsi. Kuyambira ndili wamng'ono, Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi ndinkakhala pansi pakati pa miyendo ya amayi, iwo akundiluka, akundikoka makutu ndikagwedezeka, zala zawo zikununkha mafuta. Tsopano zimenezo zinatha. Amalume anayesa kamodzi, ndi zala zawo zozolowera khasu, ndipo mutu wanga unaoneka ngati munda umene mwalowa nkhumba. Atalephera anakabwereka lumo n'kundimeta mpala. Amayi anaseka ali patali, pafupi ndi mpanda. Ine sindinaseke. Ndinakagona ndi njala dala kuti wina aone.

Masabata oyamba kutenti kunalibe anthu. Pamsika ankanena kuti jekeseniyo imatseka mimba, ena ankati ndi chizindikiro cha chilombo. Mayi wina wogulitsa tomato anakana kulandira ndalama m'manja mwa amalume atamva kuti ndi mlongo wa namwino wobaya anthu. Koma maliro atayamba kugundana, lero kuno mawa uko, ndipo ngakhale kuphika pamaliro kutaletsedwa, anthu omwewo anayamba kulawirira kutenti. Ankabwera ochokera kumidzi panjinga, ena pangolo, olemera a ku Silverest pamagalimoto awo, mzere kufika mpaka kumsewu waukulu.

Kenako kuthokoza kunayamba. Kwathu kuno munthu akakuchitira chabwino suthokoza tsiku lomwelo lokha, umalawiranso m'mawa mwake kukanena zikomo kwa dzulo. Ndiye mamawa uliwonse pageti pathu pankaima anthu. Wina mbatata m'kathumba, wina nsawa, wina maungu, wina nkhuku yomanga miyendo. Amayi ankakana, eni ake ankangosiya pansi n'kuwomba m'manja. Tinadya maungu chaka chimenecho mpaka amalume analumbira kuti sadzabzalanso.

Lero ndikakumbukira anthu amenewo mtima umandisefukira. Nthawi imeneyo ndinkadana nawo, ndinene zoona. Ndinkawamva akuyamikira kuti ba sista, kunena amayi anga, ali ndi dzanja lofewa, sumva n'komwe kuti akubaya. Nkhalamba ina inafika povula jekete pageti kuonetsa pamene amayi anaigwira. Ndinayang'ana mkono wake wamakwinya uja, nsanje inandigwira. Chongwe yense ankagwidwa ndi amayi anga, kupatula ine mwana wawo.

Nzeru inandibwerera ndikutsuka mbale. Ngati amayi amagwira aliyense woima pamzere, basi nanenso ndikaima pamzere. Katemera panthawiyo anali wa akuluakulu okha, koma ine si ndinali wamtali? M'mawa wina amalume atapita kukasaka makala, ndinavala chitenge cha amayi, duku kubisa mpala, masiki kubisa nkhope, n'kuuyamba ulendo wa kuboma.

Kunali mphepo ya fumbi, ija yoswa milomo. Mzere unali wothinana, anthu atayiwala kale zotalikirana, uyu akutsokomola, uyo watsitsa masiki kuti alankhule bwino. Kunkanunkha utsi wa m'zovala ndi mankhwala opaka m'manja. Ndinaima pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa linafika pamutu, chifuwa chitayamba kale kulira pang'onopang'ono.

Pakhomo la tenti panali tebulo, ndipo amene ankayang'ana ziphaso za anthu anali aphunzitsi anga a masamu, omwe anadzipereka kuthandiza poti sukulu inali yotseka. Anandipempha reji, chiphaso cha boma chimene amakhala nacho akuluakulu. Ndinati ndaiwala kunyumba, mawu nditawanenepetsa. Anayang'ana kumapazi kwanga. Ndinali nditavala nsapato za kusukulu, zomwe zija ankandikalipira tsiku ndi tsiku kuti sindipolisha. Anatsitsa mawu n'kundifunsa chimene ndadzera. Bodza linandithera.

"Nifuna chabe amayi anigwireko," ndinatero.

Aphunzitsi amenewo anali aukali, sitinawaonepo akumwetulira. Anaika cholembera patebulo. Kenako anaimirira, anandigwira paphewa ndi nsonga za zala, nandilowetsa okha mpaka pampando wa amayi. Mpaka lero sindidziwa ngati anachita bwino. Ndimangodziwa kuti ndimawathokoza.

Amayi sanadzutse mutu. Anali atatopa, maso ofiira pamwamba pa masiki, akutenga thonje m'mbale. Anangoti pindani malaya mayi, dzanja lamanzere. Ndinapinda. Pamkono wanga pali chipsera cha mbaula, chimene ndinapsa ndikuphunzira kuyenda. Dzanja lawo linaima m'malere.

Sanakuwe. Anabweza thonje, anavula magolovesi n'kuwataya m'ndowa, anasamba m'manja nthawi yaitali, mpaka m'zigongono, navala magolovesi atsopano. Kenako anandigwira. Anagwira mkono wonse ndi manja awiri, chala chachikulu chili pachipsera paja, ndipo kutentha kwa manja awo ndinakumva kudutsa mphira. Anatenga thonje lonyowa n'kundipukuta pang'onopang'ono, malo aakulu kuposa amene amapukuta anthu ena. Jekeseni sanaikhudze n'komwe.

"Waimilila nthawi bwanji pa mzele uja?" anafunsa.

Ndinati kuyambira m'mawa. Anatseka maso. Anasendeza khutu pafupi ndi msana wanga, osaugunda, kumvetsera mmene ndikupumira. Atatero anauza aphunzitsi kuti andiperekeze kunyumba msangamsanga, ndipo iwo anatulukira kuseri kwa tenti. Ine ndinaganiza kuti apita kukatenga mankhwala ena.

Potuluka panalibe njira ina koma kudutsa pakati pa khamu lija. Aphunzitsi anaima pakhomo n'kukweza mawu awo a m'kalasi.

"Uyu ni mwana wa ba sista. Ali na chifuba. Mupatseni njila."

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Ndinaona amayi ena achikulire akukweza masiki awo msanga kuphimba mphuno. Bambo amene ankatsokomola uja anatembenuka n'kuyang'ana kumpanda, chipewa atachitsekera pakamwa. Anthu amene anaima m'mphepo kuyambira mbandakucha, amene ankakangana chifukwa cha phazi limodzi la malo, anasiya malo awo n'kubwerera m'mbuyo, uku ndi uku, mpaka panatseguka njira yoti ngolo ikhoza kudutsa. Mayi wa tomato uja analipo, ndinamuzindikira ndi duku lake lofiira. Iye ndi amene ankakankha anzake kuti asendere kutali. Ena anayamba kuwomba m'manja chapansipansi, mmene timachitira polemekeza munthu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatambasula dzanja kuti andigwire.

Sindinadwale. Lamulo la amayi linapitirira mpaka kunja kutatentha, ndipo za tsiku limenelo sitinakambepo kwa zaka. Anthu aja sindiwadziwa mayina, ambiri sindingawazindikire nditakumana nawo mu minibasi. Ndikanatha ndikanayenda khomo ndi khomo kukawathokoza. Mbatata ndi nkhuku zinali zabwino, koma chimene amayi ankachifunadi kwa iwo, chakuti anditalikire kuti ndisadwale, anawapatsa masana amenewo, popanda wowapempha kawiri.

Ine ndinadutsa pakati pa njira yaikulu ija ndikulira m'masiki, mkono ukuzizirabe pamene panadutsa thonje. Titafika pamsewu ndinafunsa aphunzitsi kuti kodi ndalakwa chiyani, poti tsopano si amayi okha, anthu onse a mu Chongwe akundithawa.