Taiga wabalalitsa mapemphero a amama

Mwaswera bwanji nonse.

Lero azimayi a kumphakati anabwera kudzapemphera ndi amama, poti akudwalabe. Atangoyamba nyimbo, Taiga, galu wa atate uja, anadula tcheni n'kung'amba chitenje cha amayi Zulu. Mwamwayi sanawalume. Onse anathawa, mapemphero n'kuthera pomwepo.

Taigayo ndinakamupeza pansi pa nkhokwe akunjenjemera, atadzikodzera. Si ukali umenewo, ndi mantha. Chibadwire amangokhala kuseri pa tcheni, sanaonepo anthu asanu pamodzi. Atate akuti galu akazolowera anthu amapusa.

Ine ndikuti tiziyenda naye pa chingwe m'mudzimu, azolowere pang'onopang'ono. Achimwene, alankhuleni ndinu atatewa, ine sandimvera.

Enanu mukuti bwanji? Wakuba sanabwerepo pano, amene tathamangitsa ndi odzazonda amama.