Utsi wa pa Nambala 9

Matailosi obiriwira ozungulira poothera moto analipo 46, osweka atatu okha. Ndinawawerenga ndisanavule n'komwe jekete. Ntchito yanga ndi imeneyo: ndimagumula malo akale osonkhapo moto m'nyumba za m'chigwa chathu, n'kutenga matailosi, zitsulo ndi mapaipi a kopa kukagulitsa ku Cardiff, kwa anthu ofuna kuti nyumba zawo zatsopano zizioneka zakale. Ndinayamba chaka chatha ndi galimoto ya amalume, ndipo ndagumula kale m'nyumba makumi atatu.

Pa nambala 9, mumsewu wa Bethel, anandiitana ndi Nerys, mwana wa eni nyumba. Linali Lachisanu, mu Okutobala. Bambo ake, a Idwal Probert, anali pampando moyang'anizana ndi poothera moto pomwe panali phulusa lozizira. Ali ndi zaka 79, ndipo phewa lawo lamanja n'lotsika kuposa linzake. Kwa zaka 38 ankagawa malasha khomo ndi khomo, thumba la makilogalamu 50 paphewa, matumba pafupifupi 100 patsiku. Amenewo ndi matani asanu tsiku lililonse. Migodi ya malasha itatsekedwa iwo anapitirizabe, mpaka makomo ofuna malasha anachepa moti sakanadzaza ndi theka lomwe la lole.

"Adadi, uyu ndi Lowri, mdzukulu wa a Gethin ogulitsa nyama aja," anatero Nerys.

"Wa Gethin? Agogo ako ankakanikiza sikelo ndi chala."

"Ine ndimayeza zitsulo, bambo. Chala chingathyoke."

Sanaseke. Maso awo anabwerera paphulusa paja.

Kuseri kwa moto wotere, m'kati mwa khoma, mumakhala thanki yachitsulo. Moto ukayaka madzi amatentha n'kukwera m'mapaipi mpaka kubafa. N'chifukwa chake a Probert, dzinja ndi chilimwe chomwe, ankadzuka 5 koloko kukoleza moto kuti akazi awo, mai Glenys, podzuka apeze madzi otentha. Mai Glenys anamwalira mu Januwale. Mu Meyi Nerys anaikitsa makina a gasi otenthetsa nyumba ndi madzi, ndipo mapaipi a thanki yakale anadulidwa n'kutsekedwa. Thanki yotsekeka, muli timadzi totsalira, ikapsa imaphulika n'kugumula khoma. A Probert anauzidwa zimenezi kangapo. Ankangogwedeza mutu, m'mawa mwake n'kukolezanso. Sabata yapitayo Nerys anawapeza ali phee pampando, khoma likugunda ngati muli munthu akugogoda.

Zonsezi anandiuza kukhitchini, motsitsa mawu, uku akuthira tiyi.

"Munthu wokoleza moto nyumba ili yotentha kale, mutu ukuyenda bwino ameneyo? Chipinda chawo ndakonza kale kwathu ku Cardiff. Iwe ukatha ntchito yako, ine ndiyamba kulongedza."

"Akudziwa?"

"Akudziwa. Akuti m'nyumba muno adzatuluka ali m'bokosi. Kenako amangoti zii."

Pulambala anali atachotsa madzi dzulo lake, choncho ndinayala mapulasitiki n'kuyamba. Matailosi ndimachotsa limodzilimodzi ndi tchizulo chopyapyala, chifukwa lililonse losweka ndi mapaundi anayi otayika. Anachoka 41 abwino. Ndinazula zitsulo zoyalapo malasha, ndinaswa njerwa zakumbuyo, mwaye unatsika m'chumuni n'kundidetsa mpaka m'makutu. A Probert sanasunthe mpando. Fumbi linagwera mu tiyi wawo, anamwabe. Kamodzi kokha anayankhula.

"Ukuyambira pansi. Zikugwera zimenezo."

Ndinayambira pamwamba.

Masana thanki inaoneka, yakuda, yadzimbiri m'mbali. Ndinaitekenya ndi mgwala mpaka inasolokera patsogolo pa poothera moto paja. Ndinaiyesa ndi manja: makilogalamu 40 kapena kupitirira. Wilibala yanga sikanatha kutsika masitepe asanu a pakhomo. Ndikuganiza zoikoka ndi chingwe, ndinangoona a Probert aimirira, atembenuka, awerama pang'ono.

"Ndisenzetse."

"Adadi, ayi! Mwapenga?" anakuwa Nerys.

"Iwe tsegula chitseko. Mdzukulu wa Gethin, kweza mbali iyo."

Sindikudziwa chifukwa chake ndinamvera. Thanki inakhala pa phewa lotsika lija ngati malo ake anali omwewo. Anatsika masitepe mwachammbali, phazi limodzi kenako linzake, osafulumira, n'kuitula m'galimoto popanda phokoso. Nkhope yawo sinasinthe. Anaima pamsewu akupuma, maso ali pa nyumba ya kutsidya kwa msewu, pomwe katani linagwedezeka.

"Ndi mai Bevan amenewo," anatero. "Mawa aimba foni."

"Kuimbira ndani?"

"Nerys. Chimwalirireni Glenys amayang'ana chumuni changa 7 koloko. Utsi ukutuluka, ndiye kuti ndadzuka. Ine ndimayang'ana katani lawo. Sitiyankhulana, tinayambana kalekale nkhani ya galu. Koma utsi ukapanda kutuluka aimba foni kuti nkhalamba ija yagwa, ndiye Nerys abwera ndi masutikesi."

"Ndiye mumakolezera zimenezo? Bwanji simunamuuze Nerys?"

"Sanafunse. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti lero n'lachingati."

Nerys anali pa sitepe yapamwamba, kansalu kopukutira mbale kali m'manja. Anamva zonse.

A Probert anali akuyang'ana madenga otsetsereka ndi msewu. Anayamba kuyankhula ndi mawu omwe aja osakwera osatsika, ngati akuwerengera munthu woyendetsa lole.

"Nambala 14 ilinso nayo thanki ngati imeneyi. Anasiya kugula malasha chaka chimene anaika gasi, koma poothera moto sanagumule. Nambala 22, 23. Pa 30 pabwera ana achilendo ochokera ku Bristol, ndinaona akutsitsa nkhuni. Sakudziwa chimene chili m'khoma mwawo."

Ndinatulutsa pensulo n'kuyamba kulemba pa katoni ya matailosi. Anatha msewu wa Bethel, analowa wa kuseri kwa tchalitchi, anakwera wa kusukulu. Khomo lililonse ankadziwa mtundu wa moto, matumba angati pa sabata, ndi pamene anasiya. Misewu itatu, nyumba 17. Ine ndimatha milungu iwiri ndikuponya timapepala m'makomo kuti ndipeze nyumba imodzi, ndipo ambiri sanditsegulira. A Probert palibe angawatsekere chitseko m'chigwa muno.

"Bambo, m'mawa mumatani mukakoleza moto?"

"Ndimauyang'ana."

"Ndikufuna munthu wogogoda nane m'makomo. Inu muziwauza za thanki, ine ndizigumula. Pa nyumba iliyonse mudzalandira gawo lanu."

"Sikelo yake ya Gethin?"

"Muziyeza nokha."

Anakweza phewa labwino lija, osavomera osakana. Tonse tinayang'ana Nerys. Iye anapinda kansalu kaja kawiri, n'kukapindanso.

"Mpaka Khrisimasi, tione," anatero. "Koma osanyamula kanthu, adadi. Ndikamva kuti mwasenza chitsulo, ndikubwera tsiku lomwelo. Ndigona konkuno mpaka Lamlungu. Ndipita ndikawauze mai Bevan asadikire utsi."

"Uwafunsenso za galu uja," anatero bambo akewo, n'kukwera masitepe.

Ndinamaliza cha m'ma 4 koloko. Ndinasesa, ndinatseka dzenjelo ndi thabwa kudikira womanga, ndinasiya kampata koti chumuni chizipuma. Potuluka ndinawasiya a Probert ali pampando womwe uja, manja ali pamaondo, akuyang'ana thabwa. Ndinatsanzika. Nyumba inali yofunda bwinobwino.

Lolemba 7 koloko ndidzaimika galimoto pa nambala 9, ndidzaliza hutala kawiri kuti mai Bevan asuzumire awaone a Probert akukwera, ndipo tidzayambira pa nambala 30, pamene pali nkhuni paja.