Botolo Lachinayi la Achemwali

Achemwali anga Albertina sakhulupirira pakamwa pa munthu, amakhulupirira sikelo. Sindikuwadya miseche, amanena okha. Mukawauza kuti mwana wanu wanenepa, amamunyamula, kumuyang'ana m'maso, n'kungoti, "Tikaona Lachitatu." Lachitatu ndi tsiku la sikelo ya ana kuno ku Mbulumbuzi, ndipo iwo akhala akuthandizako mongodzipereka kwa zaka zoposa makumi awiri. Amakoloweka kamwana pasikelo, kudikira kuti muvi uleke kunjenjemera, kenako n'kutchula nambala mokweza kuti a zaumoyo alembe. Mayi wa mwana angalumbire bwanji kuti mwanayo akudya, achemwali amatchula zimene muvi walozazo basi.

Sukulu anailekera mu Sitandade 4, chaka chimene bambo athu anamwalira. Ine Ellina, mng'ono wawo, ndinapitiriza chifukwa iwo analeka. Ndinakhala mphunzitsi, ndazungulira masukulu angapo a pulayimale, ndipo phunziro langa lenileni ndi sayansi. Zimenezi muzisunge, chifukwa manyazi anga agona pomwepo.

Moyo wawo ndi wodekha. Ali ndi munda wa chimanga ndi nandolo kuseri kwa mudzi, mbuzi zinayi, ndi amuna awo a Dickson, munthu woseka asanamve mapeto a nkhani. Ana anakula, anapita kwawo. Chuma chimene achemwali amachitetezera ndi mtima wonse ndi nandolo wina wake amene pabanja pathu timangomutcha wakwathu. Njere zake ndi zikuluzikulu, zofiirira, zamawangamawanga. Amachedwa kucha, ndipo ogula pamsika samufuna, amafuna woyera. Koma makata ake, aja owiritsa ali aawisi m'makoko mwake, mukawadya kamodzi, nandolo winayu mumamuona ngati masewera. Amati agogo a amayi athu anabwera naye kuchokera ku Mozambique atamumanga pansonga ya nsalu. Ndikawafunsa achemwali ngati zimenezi n'zoona, amayankha kuti, "Kunalibe ine." Chimene ndikudziwa n'chakuti amayi pomwalira mbewuyo anasiyira iwo, osati ine. Ankati mphunzitsi ndi munthu wosamukasamuka. Zinandiwawa, ndipo sindinauzeko munthu.

Chaka chapitacho mbewuyo inatsala pang'ono kutha. Achemwali anathiramo mankhwala a ufa amene anagula kwa munthu woyendayenda pamsika, n'kumata mtsuko. Potsegula mu Novembala anapeza fumbi lokhalokha, anankafumbwe akuyenda ngati ali kwawo. Anakhala pamphasa masiku atatu akusankha njere imodziimodzi, ndipo zamoyo zinangodzaza manja awiri. Anazidzala pafupi ndi nyumba, n'kumazilondera kuposa mbuzi. Mu Seputembala anakolola ndowa imodzi yosadzaza. M'mudzi monse munalibenso wina wokhala ndi nandolo ameneyu.

Apa alangizi anachuluka. Wina akuti thiranimo phulusa, wina akuti tsabola wosinja, wina akuti masamba a nimu, ndipo aliyense ankalumbira kuti kwawo amatero chiyambire kalekale. Achemwali anamvetsera onse mwaulemu. Atapita anandifunsa kuti, "Aliyense akuti zake zimagwira. Koma anaonera pati?"

Anatola mabotolo anayi ofanana, amene munali mafuta ophikira, kuwatsuka ndi kuwaumitsa padzuwa. Anawerenga njere zana zopanda bowo palichero, kuwerenganso kachiwiri, n'kuthira m'botolo loyamba. Anatero mpaka onse anayi, njere zake zochokera m'ndowa imodzimodziyo. M'loyamba anathiramo phulusa losefa, lochuluka ngati njerezo. M'lachiwiri masamba a nimu osinja, m'lachitatu tsabola. Pakamwa pa lililonse anamangapo kansalu kuti mpweya uzilowa, ndipo pakhosi anamangapo ulusi wa mtundu wakewake kuti asasokoneze. Lachinayi analimanga ulusi woyera, osathiramo chilichonse. Onse anawaika pashelefu imodzi, pakona pamene pamakhala matumba a chimanga. Anati Loweruka lililonse azikhuthula palichero n'kuwerenga njere zobooka, kwa milungu isanu ndi umodzi. Njira imene ipambane ndiyo adzasungire ndowa yonse, ndipo podikira aziiyanika padzuwa pafupipafupi.

Botolo lachinayi ndi limene linandiipira.

"Achemwali, mbewu yatsala pang'ono kale," ndinatero. "Inu mukutenganso handiredi yathunthu kukapatsa anankafumbwe ngati alendo a pa ukwati?"

"Nanga chaka chino akapanda kubwera okha?" anandifunsa. "Ndiye kuti ndidzayamika phulusa pa ntchito imene silinagwire. Limeneli ndi loti lindiuze ngati abwera. Lisiye."

Komatu zimenezi ine ndimaziphunzitsa. M'buku la kalasi yanga muli chithunzi cha mbewu ziwiri, ina yothiriridwa, ina yosiyidwa, ndipo ndakhala ndikujambula zimenezo pabolodi chaka ndi chaka mpaka choko kundithera m'manja. Koma mbewu ya pabolodi si ya amayi ako.

Lachitatu lotsatira ndinaweruka msanga, ndipo ndinadzera kwawo kukabwereka sefa. Iwo anali kusikelo, a Dickson kumunda, chitseko changotsekedwa ndi msomali monga mwa masiku onse. M'chikwama changa munali paketi ya mankhwala a ufa osungira chimanga, enieni, amene ndinagula kusitolo ya zaulimi. Ndinayang'ana botolo la ulusi woyera lija, njere za amayi zili pambalambanda, zopanda woziteteza. Ndinamasula kansalu, kutapa kaufa ndi nsonga ya supuni, kuthiramo, kukhutchumula mpaka kaufako kosaonekanso, n'kumanganso bwinobwino. Ndinatuluka ndi sefa wanga mtima uli mbee, ngati munthu wochokera kokaona odwala.

Loweruka loyamba munalibe bowo m'botolo lililonse. Lachiwiri chimodzimodzi. Kuyambira lachitatu mabowo anayamba kuoneka, ndipo achemwali ankalemba m'kope lakale la mwana wawo ndi pensulo yaifupi ngati chala. Pofika mlungu wachisanu ndi chimodzi, la tsabola linali ndi njere zobooka makumi atatu ndi zinayi, la nimu khumi ndi zisanu ndi zinayi, la phulusa zisanu ndi ziwiri. La ulusi woyera linalibe ngakhale imodzi.

A Dickson anaseka mpaka kugwira chipupa. "Ndiye kuti anankafumbwe amakonda ndiwo zokometsera! Zopanda tsabola akuzikana!"

Achemwali sanaseke. Anakhuthulanso botolo lija, kutembenuza njere iliyonse padzuwa, kuwerenganso. Ine ndinali pomwepo, ndikuyang'ana nkhuku. Ndinkadziuza kuti munthu wanzeru ngati iwo aona yekha kuti zimenezi sizingatheke, asankha phulusa, nkhani itha. Sindinaulule, chifukwa mphunzitsi kuvomera zopusa pamaso pa munthu wa Sitandade 4 si chinthu chapafupi.

Mawa lake, Lamulungu, nditachokera kutchalitchi ndinawapeza pakhonde. Mtsuko waukulu unali pakati pa miyendo yawo, ndowa ya nandolo wakwathu atakhuthuliramo kale, pambali pali dothi lokanda lomatira pakamwa. Phulusa panalibe. Panalibe chilichonse.

"Mukusunga choncho?" ndinafunsa.

"Mutu wanga ukukana," anatero. "Usiku wonse wakana. Koma kusikelo ndimauza anzanga kuti usakangane ndi muvi. Lero ndikangane nawo ine chifukwa wanena zimene sindikufuna? Botolo lati osathira kanthu. Ndimvera botolo."

Anatapa dothi. Ndinaona dzanja lawo likupita pakamwa pa mtsuko, ndipo ndinaona Novembala wa chaka chatha akubweranso, fumbi lokhalokha, koma ulendo uno wopanda ngakhale manja awiri otsala. Mantha anandigwira kwenikweni.

"Achemwali, dikirani. Botolo lija silinaname. Ndinalinamiza ndine."

Ndinafotokoza zonse, za sefa, za msomali wa pachitseko, za nsonga ya supuni. Sanandidule mawu. Dothi linali likadali m'manja mwawo, likudontha pang'onopang'ono pamphasa. Nditamaliza ndinalakalaka akanangondikalipira.

"Aphunzitsi," anatero pomaliza. Akafuna kundicheka amanditchula choncho. "Aphunzitsi a sayansi."

Kenako anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene watula katundu pamutu. "Ndimayesa ndapenga ine! Milungu itatu ndikuganiza kuti maso anga atha. Chifundo chinapha nkhwali, iwe Ellina. Ukanachedwa pang'ono chikanapha nandolo."

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti sanataye kanthu. Anatenga kope lija, kufufuta pamene analemba kuti lopanda kanthu, n'kulembapo kuti la Ellina. Anati botolo limenelo lanenabe zoona zake: mankhwala enieni amagwira, a munthu wa pamsika uja ndiwo anali ufa wamba. Nandolo wa mumtsuko anamugawa pawiri. Theka anasakaniza ndi phulusa losefa, theka lina ndi mankhwala anga, mitsuko iwiri, yonse n'kumata tsiku lomwelo.

Ine ndinkayesa zathera pomwepo. Koma anatulutsanso lichero.

"Funso langa silinayankhidwe," anatero. "Zisanu ndi ziwiri za phulusa zija, n'zochepa poyerekeza ndi chiyani? Tiyambiranso."

Anali atapatula njere mazana awiri. Zana anathira m'botolo ndi phulusa, zana lina m'botolo la ulusi woyera, atalitsuka ndi sopo katatu konse. Ndipo chilango changa chinali ichi: Loweruka lililonse wowerenga botolo loyeralo ndikhale ine, ndi manja anga, iwo akuonerera.

Sindinaganizepo kuti kusachita kanthu ndi ntchito yolemetsa chonchi. Mlungu wachitatu ndinapeza mabowo asanu. Wachinayi makumi awiri ndi limodzi. Ndinkaona tizilombo tikutuluka m'njere za amayi, manja akundiyabwa, ine n'kuzibwezera m'botolo momwemo, kumanga kansalu, kutchula nambala. Achemwali ankangolemba. Tsiku lina a Dickson anadutsa n'kunena kuti, "Alamu, paketi ija mwaisiya kunyumba?" Ndinawayankha kuti akaone mbuzi zawo.

Mlungu womaliza, mvula itayamba kale kununkhira, la phulusa linali ndi zobooka zisanu ndi zinayi. Langa linali ndi makumi asanu ndi awiri kudza imodzi. Achemwali anayang'ana manambala awiriwo nthawi yaitali, nkhope ili phee, ngati mmene amachitira mwana wodwaladwala akakwera pasikelo.

"Tsopano ndadziwa," anatero. "Chaka chamawa wina akandifunsa kuti ndinaonera pati, ndidzamuonetsa."

Mvula yodzalira itagwa tinaswa dothi la pamitsuko ija. Yonse iwiri inali bwino. Wa phulusa unali ndi tinjere tobooka apa ndi apo, tosadetsa nkhawa. Achemwali anapeta phulusa, mawanga ofiira aja n'kuonekeranso, ndipo anaimba nyimbo ya kwaya yawo mpaka kumaliza mavesi onse, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

Ndikunyamuka kuti ndizipita, anandiitana. Zobooka za m'botolo loyera anali atawazira nkhuku. Zotsala zija, makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi zimene anankafumbwe sanaziboole, anali atazimanga pansonga ya kansalu.

"Izi wazilondera wekha milungu sikisi osazigwira," anatero. "Kadzale kuseri kwa nyumba yako. Mbewu isamagone nyumba imodzi."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinkafuna kunena za amayi, za zaka zonse zija, koma iwo anali atatembenuka kale kukathamangitsa mbuzi palichero.

Zinamera makumi awiri ndi zitatu. Ndinawerenga kawiri.